Ndowa ya Che Imedi

Kuseri kwa depoti, pa Boma,
pamene akabaza amatsamiritsa njinga podikira makasitomala,
Che Imedi amakonza mafoni osweka nkhope.
M'kabati mwawo munali makamera atatu
amene alendo anagulitsa ndalama zobwererera zitawathera.

Ndinafika ndi thukuta la miyezi isanu ndi iwiri
lokulungidwa m'jumbo ya shuga,
la kupalasa kuchoka pa Chembe kukafika ku Thumbi,
kuimbira nkhwazi mluzu kuti alendo awombe m'manja.

Yoyamba inali yakuda, yolemera ngati njerwa,
yokhala m'nyumba yakeyake ya pulasitiki,
mabatani ochuluka kuposa mano anga.
"Iyi imatsika mamita makumi anayi."
Ndinaseka. Mapapo anga amathera pa asanu ndi atatu.
Ndilipirirenji kuya kumene sindidzafikako?

Yachiwiri inali yasiliva, yopyapyala, ya pa ukwati.
Ndinatsegula kachitseko ka batire,
n'kuyendetsa chikhadabo pa kamphira kake:
kanali ndi mng'alu, waung'ono,
ngati wa chidendene mu Okutobala.
Madzi sapempha khomo lalikulu.
Ndinaibweza osayankhula.

Yachitatu yofiira, yonyuka m'makona,
yokwana m'dzanja ngati sopo wochapira wotsala theka.
Batani lake lalikulu,
loti chala chozizira n'kulipeza maso ali kwina.

"Ndiiyese kaye."
"Ukaiviika, waigula."
"Ikamwa madzi, ndi yanu."
Tinakokanakokana mpaka kumzikiti kunaitana swala ya masana.
Kenako anatuma mwana kumpope,
ndowa inabwera, anaponyamo kiyi wa shopu,
ine n'kumiza kamera mpaka m'chigongono.
Tinawerama atatu, ndi wakabaza wina wongodutsa,
kudikira thovu.
Silinabwere.
Pagalasi panaoneka kiyi, dzimbiri lake lomwe.
Che Imedi anawerenga ndalama kawiri.

Alendo ndinawauza kuti ndi ya bizinesi.
Zoona zake ndi izi:
amayi anga, Abiti Mdoka,
atumbula chambo zaka makumi atatu,
amadziwa nsomba ya dzulo poyang'ana diso lokha,
koma sanaionepo nsomba ili kwawo.
Mbuna ukaivuula imavula mtundu wake
usanafike nayo n'kumtunda komwe.

Tsiku loyamba ndinajambula makumi asanu ndi limodzi:
mchira, mchira, mwala, phazi langa,
mchira wina.
Ndikayatsa kuwala, tizinyalala ta m'madzi
timadzaza chithunzi ngati ngumbi pa nyali.
Ndinaphunzira kuzimitsa,
kuika dzuwa kumsana,
kusendera pafupi, pafupi ndithu,
n'kukhala duu ngati chitsa
pamene chifuwa chikulira mpweya.

Sabata yachitatu, pansi pa thanthwe,
kanabwera kobiriwira ngati buluu wochapira, masaya otupa.
Kanayasamula. Munatuluka tiana, tambirimbiri.
Mthunzi wanga utagwedezeka
tonse tinathamangira m'kamwa momwemo.
Chala changa chinapeza batani chokha.

Ndinawapeza pabenchi yawo, mpeni m'manja.
Anapukuta zala pa chitenje,
komabe mamba awiri anamata pagalasi.
"Kopanda mnofu aka.
Mulu wake sungagule ndi mchere womwe."

Ndinatambasula dzanja kuti nditenge.
Sanandipatse.

"Onsewa m'kamwa?"
"Onse."
"Nanga iko kamadya nthawi yanji?"
"Sikadya, mpaka anawo atakula."

Mayi wina anafunsa mtengo wa kampango,
anafunsanso, kenako anapita pa benchi ina.
Ntchentche zinatera pa chambo, osaingitsidwa.
Amayi anachotsa mamba aja ndi chala chachikulu,
pang'onopang'ono,
ngati akupukuta mwana kumaso.

"Eya," anatero.
"Tinalipo asanu ndi mmodzi, si choncho?"
ndinayamba ine, koma anandidula:
"Mawa ukapitenso. Ukaone ngati kadya."